MABEDI OZIZIRA M'MAPIRI A SUÍÇA: ALENDO AKUKWERA, ENI MUDZI AKUTSIKA

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu anaunena m'masiku amene mlendo ankafika wapansi, kugona masiku awiri kapena atatu, kenaka n'kutsazika. Iwo sanaganizeko za mlendo wofika ndi ndalama, amene amagula nyumba ya pakati penipeni pa mudzi, kuikonza bwinobwino, kutseka mazenera, n'kubwerera kwao kiyi ali m'thumba, kudzaonekanso chaka chamawa pa Khirisimasi. Mlendo wotereyu amakamukadi ngati mame, koma nyumba ija imakhala yapita. Mwana wa m'mudzimo akafuna kukwatira amapeza kuti malo okhala palibe, chonsecho nyumba zotseka zili mbwee mbali zonse za msewu.

Izi, awerengi athu, ndi zimene zikuchitika m'midzi ya m'mapiri a Alpes m'dziko la Suíça, lomwe anzathu a ku Malawi amalitchula kuti Switzerland. Dzikoli ndi laling'ono, moti chigawo chathu cha Tete chimaliposa kukula kawiri ndi kupitirirapo, koma muli anthu pafupifupi 9 miliyoni, ndipo magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse a nthaka yake ndi mapiri a Alpes. Ndi dziko la mabanki ndi mawotchi, limodzi mwa maiko olemera koposa pa dziko lapansi. Wina angafunse kuti kodi kumeneko kungakhalenso munthu wolira nyumba? Alipo, ndipo ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi, anamwino, akalipentala ndi ophika m'mahotela, anthu amene mudzi sungayende popanda iwo.

Ophunzira amatchula khalidweli ndi liu limene pa Chipwitikizi amati gentrificação. Liuli linayamba ndi mayi Ruth Glass m'chaka cha 1964, pamene ankafotokoza za anthu opeza bwino omwe ankagula nyumba m'madera a anthu ogwira ntchito wamba mu mzinda wa London, mpaka eni deralo n'kulephera kukhalamo. Lero matendawa anakwera mapiri. Tasankha kuunika za Suíça chifukwa ndi dziko limene linayesa kuwachiza ndi lamulo, mtundu wonse utaponya voti. Patapita zaka zoposa 10 kuchokera pa votiyo, madandaulo m'midzi sanathe, ndipo m'malo ena anachita kukula. N'koyenera tione chimene chinalakwika.

MAPIRI A UMPHAWI ASANDUKA CHUMA

Kale kukhala m'mapiri a Alpes sikunali kosiririka ai. Nyengo yachisanu imatenga pafupifupi theka la chaka, nthaka yonse itakutidwa ndi chipale chofewa, ndipo banja linkadalira ng'ombe zochepa, udzu wouma wosungidwa m'khola ndi tchizi. Anyamata ankathawa njala monga momwe athu ankapitira ku Joni ndi ku Halale. A m'chigwa cha Engadin ankapita ku Venezia ndi m'mizinda ina ya ku Ulaya kukaphika makeke, pamene ana a m'zigwa za Ticino ankatumizidwa ku Milano kukasesa mwaye m'machumuni a nyumba.

Zinthu zinayamba kusintha ndi alendo. Zimanenedwa kuti m'chaka cha 1864 mwini hotela wina wa ku St. Moritz, Johannes Badrutt, anakopa Angelezi omwe ankabwera m'nyengo yotentha kuti adzayesenso kubwera nthawi yachisanu. Anabweradi, nakondwa, ndipo chipale chija chimene chinali mdani chinasanduka malonda. Mudzi wa St. Moritz unatchuka mpaka kuchititsa masewero a Olimpiki a nyengo yachisanu kawiri, mu 1928 ndi mu 1948. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, misewu inakonzedwa, zonyamulira anthu zoyenda pa zingwe zinafika pamwamba pa mapiri, ndipo anthu a m'mizinda ya Zürich, Basel ndi Genève anaona kuti kulipira hotela chaka ndi chaka n'kutaya ndalama. Anayamba kugula nyumba zaozao za tchuthi.

Nyumba zimenezi eni dziko amazitcha nyumba zachiwiri, ndipo mabedi ake amati mabedi ozizira, chifukwa amagonedwa masabata owerengeka okha pa chaka. Bedi la m'hotela ndi lofunda: lero wagona uyu, mawa wina, ndipo wophika, wochapa ndi wogulitsa m'sitolo onse amadyapo. Bedi lozizira limadyetsa womanga nyumba kamodzi kokha, basi. Komabe boma la mudzi liyenera kumanga mipope ya madzi, misewu ndi ngalande zokwanira chikhamu cha pa Khirisimasi, pamene eni nyumba zija msonkho waukulu wa malipiro ao amaupereka kumizinda kumene amakhala.

Poyamba boma linaganiza kuti vuto ndi anthu a maiko akunja. Lamulo la 1983, lodziwika lero ndi dzina loti Lex Koller, linachepetsa ufulu wa anthu akunja wogula nyumba, ndipo chiwerengero cha nyumba za tchuthi zomwe angagule m'dziko lonse chili pa 1,500 pa chaka. Koma lamuloli silikhudza nzika za Suíça, ndipo ogula ochuluka ndi nzika zomwezo. Mlendo wa m'nkhani inoyi kawirikawiri ndi mbale wa dziko limodzi, wosiyana ndi mwini mudzi pa kulemera kwa thumba kokha.

VOTI YA PA 11 MALICHI 2012

Ku Suíça anthu wamba akasonkhanitsa masaini 100,000 m'miyezi 18 amatha kuitanitsa voti yosintha malamulo aakulu a dziko. Njira imeneyi anaigwiritsa ntchito a Franz Weber, mkulu wina woteteza chilengedwe, amene anayamba nkhondo yake mu 1965 poletsa kumanga mzinda pa kamudzi ka Surlej ku Engadin komweko. Iwo pamodzi ndi mwana wao wamkazi, Vera Weber, anapempha kuti m'mudzi uliwonse nyumba zachiwiri zisapitirire 20 pa nyumba 100 zilizonse. Mudzi umene wafika kale pa mlingo umenewu usaperekenso chilolezo chomangira nyumba yachiwiri yatsopano.

Pa 11 Malichi 2012 maganizowa anapambana mwa mwai, ndi mavoti 50.6 peresenti. Chochititsa chidwi ndi mmene mavotiwo anagawikira. Anthu a m'mizinda ya m'chigwa, kumene kumachokera ogula nyumba za tchuthi, ndiwo anavomera. Anthu a m'mapiri, omwe lamuloli linati likuwateteza, anakana. M'chigawo cha Valais pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anati toto, ndipo zigawo za Graubünden ndi Uri nazonso zinakana.

Kukana kwaoku kunali ndi chifukwa. M'midzi yambiri ya m'mapiri ntchito yomanga ndiyo inkalemba anthu ochuluka: omanga, akalipentala, okonza magetsi ndi mipope, oyendetsa malole. Mlimi wokhala ndi kamunda m'mphepete mwa mudzi ankadziwa kuti tsiku lina adzakagulitsa n'kupeza popumira pa ukalamba. Tsono anthuwa anaona ngati a m'tauni, atatha kugula nyumba zao, akufuna kutseka chipata kuti mapiri akhale okongola poti iwo azidzapumulako, osalabadira za mimba ya okhala komweko. Chaka chimenecho anthu anathamangira kukatenga zilolezo zomangira lamulo lisanayambe kuluma, kufikira bwalo lalikulu la milandu linagamula mu Meyi 2013 kuti chiletsocho chinayamba pa tsiku lenileni la voti. Lamulo lofotokoza tsatanetsatane wake linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2016, ndipo likukhudza midzi yoposa 300.

Pa chinthu chimodzi a Weber anapambanadi: madambo ndi mapiri zinaleka kudyedwa ndi simenti pa liwiro lakale. Koma cholinga chao chachikulu chinali kuteteza maonekedwe a dziko. Za kumene mwana wa m'mudzi adzagone, lamulo silinanene zambiri.

KHOMO LIMENE LINATSALA LOTSEGULA

Aphungu pokonza lamulo la 2016 anasiya mpata umodzi waukulu. Nyumba iliyonse imene inalipo kale, kapena inali ndi chilolezo, lisanafike tsiku la 11 Malichi 2012, mwini wake ali ndi ufulu woigulitsa kwa aliyense, ndipo wogulayo angaisandutse nyumba ya tchuthi. Aphungu anatero pofuna kuti katundu wa eni mudzi asatsike mtengo, ndipo ambiri m'mapiri anaombera m'manja. Zotsatira zake munthu aliyense amene anagulitsako chimanga m'mwezi wa Febuluwale angazimvetse. Ofuna nyumba za tchuthi sanachepe, koma zatsopano zinaleka kumangidwa. Maso onse anatembenukira ku nyumba zakale za pakati pa mudzi, zomwe munkakhala mabanja chaka chonse.

Msika wa nyumba unagawika pawiri. Nyumba yatsopano, imene inalembedwa kuti ndi ya munthu wokhala m'mudzimo basi, ili ndi mtengo wake. Nyumba yakale, imene aliyense angagule, ili ndi mtengo wina wokwera kwambiri, chifukwa ikupikisanidwa ndi madokotala, maloya ndi a mabanki a ku Zürich. M'midzi ya kumunsi kwa Engadin monga Guarda, Ardez ndi Sent muli nyumba zamiyala za zaka mazana angapo, zojambulidwa maluwa ndi mau pa makoma, zomwe khola la ng'ombe ndi mosungira udzu zili pansi pa denga limodzi ndi anthu. Nyumba zimene alimi ankaziona ngati zozizira ndi zovuta kusamala ndizo zikufunidwa koposa lero.

Apa ndi pamene nkhani ya choloŵa imalowera, ndipo ndi pamene mitima imasweka. Tiyerekeze kuti mayi wamasiye wamwalira n'kusiya ana anayi. Atatu anapita kale kutauni, mmodzi ndiye anatsala m'mudzi, ndi kalipentala, ali ndi mkazi ndi ana. Iye akufuna kukhala m'nyumba ya makolo, koma lamulo likuti abale ake atatu aja alandire gawo lao. Gawolo liwerengedwa pa mtengo uti? Akati pa mtengo wa msika, kalipentala uja ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse sangabweze ngongole ya ku banki. Abale ake nawo si anthu oipa, ali ndi ana kusukulu ndi ngongole zao, ndipo pakhomo paima munthu wokonzeka kulipira lero lomwe. Nyumba imagulitsidwa, ndalama zimagawidwa, kalipentala amalongedza katundu n'kutsika phiri. Palibe amene waba, palibe amene waswa lamulo, koma nyumba ina yaleka kufuka utsi.

Chodabwitsa n'chakuti a Suíça mankhwala a vutoli amawadziwa, pakuti anawagwiritsa kale ntchito pa minda. Lamulo la malo olima la 1991 limati munda uyenera kugulidwa ndi munthu amene adzaulime yekha, ndipo mwana wolowa m'malo mwa kholo pa famu amalipira abale ake molingana ndi phindu limene famuyo imabereka, osati mtengo wa msika. Munda unatetezedwa chotero, koma nyumba ya pakati pa mudzi inasiyidwa pa mtetete.

Mliri wa Covid-19 mu 2020 unathira mafuta pamoto. Anthu a m'maofesi ataona kuti ntchito ikutheka pa kompyuta ndi intaneti ali kulikonse, ambiri anafuna malo a mpweya wabwino, ndipo mitengo ya nyumba m'mapiri inakweranso. Eni nyumba za lendi nawo anaona kuti kubwereketsa chipinda kwa alendo a masiku atatu kudzera pa Airbnb kumabweretsa zambiri kuposa kusunga banja limodzi chaka chonse. Ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo, potsatira pempho la phungu wa ku Graubünden a Martin Candinas, inakulitsa khomo lija: kuyambira pa 1 Okutobala chaka chimenecho mwini nyumba yakale angaigwetse, kumanga ina yokulirapo ndi magawo 30 pa 100, n'kuigawa kukhala nyumba zingapo. Ovomereza anati zithandiza eni mudzi kukonza nyumba zao zakutha. Otsutsa anati tsopano nyumba iliyonse yakale yasanduka nyambo ya a malonda.

AMENE AMATSIKA PHIRI MADZULO

Woyamba kuchoka ndi wa lendi. Mudzi wa Zermatt, umene uli m'tsinde mwa phiri lotchuka la Matterhorn, uli ndi mahotela oposa 100, koma ambiri mwa ogwira ntchito m'mahotelamo sangathe kulipira chipinda kumeneko. Amakhala ku Täsch, makilomita 5 kumunsi kwa chigwa, n'kumakwera sitima m'mawa ndi madzulo. Ochuluka mwa iwo ndi ochokera ku Portugal, moti wina wa ife atafika m'misewu ya Täsch angafunse njira pa Chipwitikizi n'kuyankhidwa. Ku St. Moritz nakonso antchito ambiri amachokera tsidya la malire ku Italia, kukwera ndi kutsika msewu wokhotakhota wa Maloja tsiku ndi tsiku, ngakhale m'chipale.

Apa tikuona kuti alendo ali mitundu iwiri, ndipo n'kulakwa kuwaika m'dengu limodzi. Pali mlendo wobwera kudzapuma, amene ali ndi nyumba koma sakhalamo. Palinso mlendo wobwera kudzagwira ntchito, amene akufuna kukhala koma alibe nyumba. Ana a wachiwiriyu ndi amene akudzaza mabenchi a sukulu m'midzi ina imene ikanatseka kale makalasi. Pa nkhani ya nyumba, wochapa mbale wa ku Portugal ndi kalipentala wobadwira m'mudzimo ali mbali imodzi, ngakhale kuti salankhula chinenero chimodzi.

Mabanja akachepa, zina zonse zimatsatira. Sukulu imaphatikizidwa ndi ya mudzi wina, sitolo ya zakudya imatseka n'kusanduka yogulitsa zithunzi ndi zovala zodula, positi imachoka, kwaya ya m'tchalitchi imasowa mau. Gulu lozimitsa moto, limene m'midzi imeneyi limadalira anthu a pamudzi pomwepo, limasowa anyamata. Mu Novembala, alendo a chilimwe atapita ndipo a chisanu asanafike, munthu amatha kuyenda msewu wathunthu usiku osaona zenera loyaka nyali.

Ku Graubünden kulinso china chimene chikutayika. Kumeneko kuli chinenero chaching'ono chotchedwa Romansh, chimene chinavomerezedwa kukhala chinenero chachinayi cha dziko mu 1938, koma olankhula ake sakwana ngakhale munthu mmodzi pa 100 alionse. Chinenerochi chilibe mzinda waukulu, moyo wake uli m'midzi ya m'mapiri. Ku St. Moritz, kumene kale chinali cha pakhomo, kalembera wa 2000 anapeza kuti ochiyesa chinenero chao choyamba sankakwana 5 pa 100 alionse. Banja likatsikira ku Chur kapena ku Zürich, adzukulu amakula ndi Chijeremani. N'chifukwa chake achinyamata a kumunsi kwa Engadin anakhazikitsa bungwe lotchedwa Anna Florin, lomwe limayendera midzi kukambirana ndi eni nyumba kuti asanagulitse ayambe aganizira za mudzi.

ANDERMATT: WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tisafulumire kunena kuti alendo abweretsa zoipa zokhazokha. Makolo omwe aja anatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mudzi wa Andermatt m'chigawo cha Uri ukuchitira umboni mbali zonse ziwiri. Mudziwu uli pa njira yakale yodutsa phiri la Gotthard. Njanji itaboola phirilo mu 1882, ndipo msewu wa magalimoto utaboolanso mu 1980, apaulendo anayamba kudutsa pansi pa nthaka osauonanso mudziwo. Chimene chinatsala ndi kampu ya asilikali, koma itatha nkhondo ya mau pakati pa maiko a kuzambwe ndi a kuvuma asilikali nawonso anachepetsedwa. Achinyamata ankachoka, mahotela akale ankatseka.

Mu 2005 kunafika mkulu wa malonda wa ku Egypt, a Samih Sawiris, amene anamanga kale mzinda wa alendo wa El Gouna m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. Iwo analonjeza mahotela, nyumba za tchuthi mazanamazana ndi bwalo la gofu. Boma la Suíça linawamasula ku lamulo la Lex Koller kuti azigulitsa nyumbazo kwa anthu akunja momasuka, ndipo mu 2007 msonkhano wa mudzi unavomereza dongosololi ndi mavoti 96 peresenti. Palibe amene anakakamizidwa. Hotela yapamwamba ya The Chedi inatsegulidwa mu Disembala 2013, holo ya nyimbo mu 2019, ndipo mu 2022 kampani ya ku America ya Vail Resorts inagula magawo 55 pa 100 a kampani yoyendetsa malo otsetserekera pa chipale.

Ntchito zinabweradi, chiwerengero cha anthu chinakweranso, ndipo mudzi umene unkafa unadzuka. Koma madambo ena odula udzu wa ng'ombe anasanduka bwalo la gofu, mitengo ya nyumba ndi lendi inakwera m'mudzi wakale momwe, ndipo antchito ambiri akukhala m'midzi ya kumunsi monga Göschenen. Amene anali ndi nyumba kapena malo analemera ali chigonere. Amene analibe, makamaka achinyamata ndi a lendi, anapeza ntchito koma n'kusowa pogona. Choncho mzere weniweni wogawa anthu ku Andermatt ukudutsa pakati pa eni mudzi okhaokha, pakati pa amene ali ndi chogulitsa ndi amene alibe.

ZIMENE MIDZI IKUYESA

Maboma a midzi sanakhale manja lende. Mudzi wa Silvaplana unayesa kukhometsa msonkho wapadera pa nyumba zachiwiri zosagonedwa. Eni nyumbazo anakasuma, bwalo lalikulu linagamula mu 2014 kuti msonkhowo ndi wololedwa, komabe mudziwo unausiya wokha usanayambe kutoleredwa, poopa kukwiyitsa anthu amene amagula m'masitolo ndi kulemba ntchito amisiri a pamudzipo. Eni nyumba zachiwiri nawonso ali ndi dandaulo lao: amati amalipira misonkho ndi zolipira zina zambiri, ena akhala akubwera kwa zaka 40, koma savota pa msonkhano wa mudzi, ndipo amakumbukiridwa pokhapokha pakafunika ndalama. Mu Seputembala 2025 anthu a dziko lonse anavota kulola zigawo kuti zizitha kuika msonkho wapadera pa nyumba zachiwiri. Msonkho ungathandize thumba la mudzi, koma munthu amene wakwanitsa kugula nyumba yogonamo masabata anayi pa chaka sathawa chifukwa cha msonkho.

Mudzi wa Albinen ku Valais, wa anthu osakwana 300, sukulu yake itatsekedwa unayesa njira ina. Mu 2017 unavota kupereka mafranko 25,000 kwa munthu wamkulu aliyense ndi 10,000 kwa mwana aliyense, ngati banjalo ndi la anthu osafika zaka 45, likumanga kapena kugula nyumba ya mtengo wosachepera mafranko 200,000, ndipo likulonjeza kukhalamo zaka 10. Wochoka nthawi isanakwane amabweza ndalamazo. Albinen sinafunse kuti munthuyo anabadwira kuti. Inafunsa ngati adzagona m'mudzimo chaka chonse.

Njira imene ikuoneka yolimba koposa ndi yosachititsa kaso. Midzi ina ikulamula kuti nyumba yakale ikagwetsedwa kapena kukonzedwa, gawo lina likhale la okhala pamudzi. Ina ikugula nyumba ndi malo, ndipo m'malo mogulitsanso ikubwereketsa nthakayo kwa makopaletivi a nyumba kwa zaka zambiri, mpaka 100 monga lamulo limalolera, pa pangano lakuti okhalamo akhale anthu a pamudzi ndipo lendi isapitirire ndalama zimene zinaonongedwa pomanga ndi posamala. Nthaka ikakhala m'manja mwa mudzi, wa ndalama zambiri alibe poigwira. Vuto n'lakuti midzi yambiri inadzuka mochedwa, itagulitsa kale malo ake pa mtengo wa dzana, ndipo lero iyenera kuwagulanso pa mtengo wa lero.

CHAONA MNZAKO CHAPITA

Mapiri a Angónia ndi Tsangano si Alpes, ndipo palibe amene akudzagula nyumba ya tchuthi ku Domué kuti azidzatsetsereka pa chipale. Komabe anthu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize akukumbukira zimene zinachitika migodi ya malasha itayamba cha m'ma 2011, pamene lendi inakwera modetsa nkhawa ndipo eni nyumba ena anatulutsa mabanja kuti alowetse makampani. Iwo sangavutike kumvetsa kalipentala wa ku Engadin.

Palinso kufanana kwina kumene tiyenera kukuyang'anitsitsa. Malamulo aakulu a dziko lathu amati nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa ndipo sikhala chikole. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza ufulu wa midzi pa malo a makolo, ndi wa munthu amene wakhala pamalo mwachilungamo zaka 10, ndiponso linalamula kuti anthu a m'mudzi afunsidwe mlendo asanapatsidwe DUAT. Khomo limeneli ndi lotseka. Koma nyumba, mitengo ndi zina zimene munthu waika pa nthakayo zimagulitsidwa, ndipo tonse tikudziwa kuti wogula kanyumba ka zidina ndi mitengo iwiri ya mango m'mphepete mwa msewu wa tala sakufuna kanyumbako ai. A Suíça analetsa nyumba zatsopano, wogula analowera ku nyumba zakale. Ife tinaletsa kugulitsa nthaka, wogula amalowera ku chimene chaima pamwamba pake.

Tsono pamene mfumu, anyakwawa ndi akuluakulu a boma akhala pansi pa mtengo kukambirana za munthu wofuna malo, mafunso akuti wachokera kuti ndipo walonjeza chiyani asakhale okhawo. Afunsenso ngati adzakhala pamalopo kapena adzangotchinga ndi waya n'kupita, ndiponso ngati mudziwo wapatula malo a anyamata ndi atsikana amene lero ali kusukulu, omwe pakapita zaka 10 adzafuna pomanga. Anthu a ku Guarda ndi Ardez ali ndi nyumba zokongola kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri yao, zopakidwa laimu watsopano ndi madenga osadontha. Chimene akuwerenga tsopano chaka ndi chaka ndi ana olembetsa kalasi yoyamba.